Njinga ya Atate ndi Kapitawo wa Pamkono

Atate anga anali munthu wosafuna kuuzidwa zochita, ndipo khalidwe limeneli ndinatengera ndine. Amayi ankati tikayamba kukangana awirife, nkhuku zimachoka pabwalo. Ndiye pamene alongo anga a ku Lusaka anatumiza kawotchi kakuda kuti ndikawamange atate pamkono, ndinadziwiratu kuti andituma kukaputa mavu.

Nthawi imeneyo n'kuti amayi atamwalira. Atate anali mkamwini ku Nsefu, kwao kwenikweni kunali ku Msoro. Mwambo wathu ndi wakuti mkazi akamwalira, abale ake amamusudzula mwamunayo kuti abwerere kwao. Koma ku Msoro kunatsala ndani? Abale awo onse anali atatsogola, ndipo pamene panali nyumba ya makolo awo anthu ena anali atadzalapo thonje. Tsiku lowasudzula, amalume, alongo awo a amayi, analankhula mwaulemu ndithu.

"Alamu, ife sitikukuthamangitsani ayi. Dimba la mlongo wathu lija lisagonere. Malinga miyendo ikukufikitsani kumeneko, nyumba iyi ndi yanu. Ikadzakana, ana anu adzabwere adzakutengeni."

Atate anawomba m'manja. Mawu amenewa anawasunga kuposa mmene tonsefe tinkaganizira.

Chaka chotsatira kukiliniki anawapeza ndi shuga. Anesi anatifotokozera kuti mankhwala okha sakwanira. Chimene munthu akudya chizigwirizana ndi mphamvu zimene thupi likugwiritsa ntchito, ndipo njira yapafupi yowotchera mphamvuzo ndi kuyenda. Nditawauza alongo anga pafoni, anayamba kuvutika mumtima. Ndi munthu wabwino, koma ali kutali, ndipo munthu wakutali amafuna chinthu choti aziona ndi maso. Maganizo awo anali akuti atate asamuke, adzakhale ndi ine ku Chinzombo, kumene ndimagwira ntchito yochapa ndi kusita nsalu za alendo paloji. Kumeneko kiliniki ili pafupi ndipo msewu sudukaduka.

Atate anali atakhalako kwathu masiku ochepa amayi atangomwalira. Nyumba yanga ndi ya zipinda ziwiri, ana ali piringupiringu, wailesi ya aneba siipuma. Tsiku lonse ankakhala pampando pakhonde, chipewa chili pabondo. Tsiku lochoka anandifunsa kuti, "Mama, kuno munthu ukadzuka umapita kuti?"

Choncho kawotchi kaja kanabwera ngati mkhalapakati. Alongo anga anandifotokozera mmene kamagwirira ntchito. M'kati mwake muli kachipangizo komva kugwedezeka. Munthu akamayenda mkono umagwedezeka, iko n'kumamva. Kenaka kamatenga kugwedezekako n'kuphatikiza ndi zaka za munthuyo, kutalika kwake ndi kulemera kwake, n'kuyerekeza mphamvu zimene wawononga tsiku limenelo. Mphamvuzo amati makalori. Ine ndikapita ku Nsefu pa ofu yanga, tsiku lopuma kuntchito, ndikayandikitse foni yanga, manambala alowe, ndiwatumizire. Akaona kuti atate akuyenda, nkhani yosamuka ithera pomwepo.

Ndinawafunsa kuti, "Nanga kakaona kuti sakuyenda?"

"Ndiye kuti dimba lija akungolitchula pakamwa. Tidzawatenga mvula isanatseke msewu."

Atate anakayang'ana kawotchiko m'manja mwanga nthawi yaitali. Tinkalankhula Chikunda, koma pano ndikulemba monga ndingathere.

"Kameneka kazindiuza nthawi?"

"Kaziona ngati mukuyenda, atate."

"Oho. Ndiye mwandilembera kapitawo. Ndinasiya ntchito ya m'misewu kalekale kuthawa akapitawo, lero ana anga andipezera wina wogona naye pamphasa."

Anatambasula mkono, nkhope atayang'ana kumbali. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linali kapitawo. Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, amene ankawaphikira atate, ndi amene ankakatchaja pa sola yawo. Nawonso ankangoti, "Alamu, bweretsani kapitawo adye."

Pa ofu yotsatira ndinayandikitsa foni, manambala analowa. Ine za makalori sindinkazidziwa bwino, koma panali timizere tosonyeza tsiku lililonse, ndipo tonse tinali tafupitafupi ngati chimanga chofesedwa pamchenga. Alongo anga anaimba nthawi yomweyo.

"Mdala sakuyenda. Awa ndi manambala a munthu wongokhala pakhonde."

Ndinatseka foni ndi dzanja n'kuwafunsa atate. Anati, "Ndimayenda." Anayankha mawu amodzi omwewo, n'kupitiriza kusenda nsawawa.

Mwezi wotsatira zinali chimodzimodzi. Alongo anga anawerengera mmene anawerengera, n'kunena kuti munthu wowononga mphamvu zochepa chonchi asamadye ngati mlimi, apo ayi shuga akwera. Anawaimbira amayi aang'ono kuti achepetse chakudya. Amayi aang'ono anadandaula, koma mawu ochokera ku Lusaka, okhala ndi manambala kumbuyo kwake, ndani angawatsutse? Anachepetsa.

Ine mtima unali utayamba kutentha. Ndinaganiza kuti mwina atate amakavula kawotchiko ndikangotembenuka. Ndinawagwira mkono n'kusuntha lamba wake, ndipo pansi pake khungu linali loyererako, kusonyeza kuti dzuwa silinafikepo kwa nthawi yaitali. Ankakavala ndithu. Ndinapita kuseri kwa nyumba kukawafunsa amayi aang'ono.

"Kodi kudimba amapitadi?"

"Tsiku lililonse, kupatula Lamulungu. Amatenga njinga yawo m'mawa, kubwera dzuwa litapendeka."

Njinga! Ndinabwerera pabwalo ndikuthamanga, chitenje chili m'manja.

"Atate, anesi anati muziyenda, sanati muzipalasa. Nthawi yonseyi mukutiuza kuti mumayenda pamene mumakhala pachishalo ngati abwana? Ife tikusowa tulo chifukwa cha inu!"

Ndinkayembekeza kuti andibwezera, nkhuku zichoke pabwalo monga kale. Sanatero. Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana njinga imene inali m'nyumba, gudumu lokha likuonekera pakhomo.

"Chabwino. Ndimapalasa," anatero.

Ndinabwerera ku Chinzombo ndili ndi mkwiyo, koma pansi pa mkwiyowo panali china chondidya. Atate sanagonjepo kwa ine chibadwire changa. Komanso anali ataonda. Kolala ya malaya awo inali italekana ndi khosi, lamba anali ataboolapo bowo latsopano ndi msomali. Ndikusita nsalu za alendo ndinkangodzifunsa kuti munthu wongokhala pachishalo amaonda chonchi bwanji.

Mu Okutobala, dzuwa likuwotcha moti mbalame zinkangokhala kukamwa yasa, alongo anga anandiuza kuti apangana ndi mwini galimoto. Mitambo ikangoyamba kusonkhana, abwera kudzawatenga atate, chifukwa mvula ikagwa ku Nsefu galimoto siifika. Anandipempha kuti ndipite ndikawakonzekeretse. Tsiku limenelo galimoto ya paloji inkapita chakumeneko, ndipo adalaivala ananditsitsa pamphambano, pamene njira ya kudimba imapatukira. Ndinati m'malo mopita kunyumba, ndiwatsatire kudimba komweko, tikalankhule kopanda anthu.

Ife a m'chigwa timayenda maso ali pansi. Timaphunzira tili ana, chifukwa fumbi ndi limene limakuuza ngati njovu zadutsa dzulo kapena posachedwa. Ndiye sindinachite kufunafuna. Mzere wa matayala a njinga unali pomwepo m'fumbi, ndipo kumanzere kwake kunali mapazi a munthu. Ndinati mwina anatsika pamchenga. Ndinayenda, mchenga unatha, njira inauma gwa, koma mapazi aja sanachoke. Anali pambali pa mzerewo njira yonse, pokwera ndi potsika pomwe. Phazi limodzi linkaponda bwino, linalo linkakhukhuluza fumbi lisanatere.

Ndinawaona patsogolo, m'mitengo ya mupani imene nthawi imeneyo inalibe ndi tsamba lomwe. Ankakankha njinga. Manja onse awiri anali atagwira mahandulo zolimba, mikono ili nga, yosagwedezeka n'komwe, thupi litatsamira panjingayo. Kapitawo anali pomwepo pamkono, atagona tulo. Pakaliyala panali khasu ndi chigubu cha madzi. Atafika pamakande, pamene njovu zinaponda nthawi ya matope n'kusiya maenje ouma, anaima. Anatsogoza njinga, n'kuyesa pansi ndi phazi, kenaka n'kusuntha linalo. Malaya kumsana anali atanyowa ngati awathira madzi.

Ndinayenda pambuyo pawo mwakachetechete mpaka ndinafika pafupi. Njingayo inalibe tcheni.

"Mwauka bwanji, atate?"

Sanadzidzimuke. Anangoima osatembenuka.

"Tauka. Wayamba liti kuzemberera anthu m'tchire?"

"Tcheni ili kuti?"

"Inaduka."

"Liti?"

"Mvula yatha ija."

Tinakhala pachitsa, njinga atayitsamiritsa pabondo pawo ngati ingathawe. Ndinatulutsa buledi amene ndinatenga ku Mfuwe, tauni yapafupi ndi kuntchito kwanga. Anadya mwamsanga, ndipo zimenezi zinandipweteka kuposa china chilichonse tsiku limenelo. Atate sankadya pamaso pa ana mwanjira imeneyo. Atamwa madzi ndi pamene anayamba kufotokoza, maso ali kumapazi awo.

"Mapazi awa anasiya kumva pansi. Ndikaponda zimakhala ngati ndaponda pathonje. Tsiku lina ndikupalasa phazi linaphonya, ndinagwera m'maenje omwewa, tcheni n'kuduka. Palibe anandiona. Ndinadzuka ndi njinga yomweyi, n'kuona kuti ndikaigwira sindikudzandira. Basi, kuyambira pamenepo timayenda awiri."

"Nanga osangotenga ndodo bwanji?"

Apa ndiye anandiyang'ana, ndipo atate anga akale anabwerera m'maso mwawo.

"Ndodo? Amalume ako andione ndi ndodo? Iwe unalipo tsiku lija, unamva zimene ananena za miyendo. Munthu wa ndodo ndi woti wafika pamapeto. Koma munthu wokankha njinga ali paulendo, anthu amangoti yaphwa."

"Ndiye munalolera kuti ndikunyozeni kuti mumapalasa?"

"Bola kunyozedwa ulesi, mama. Waulesi amamukalipira n'kumusiya pomwepo. Wopanda miyendo amamunyamula."

Ndinalira, ndipo sindichita manyazi kunena. Ndinalira ndi chisoni, komanso ndi ukali wosowa woupatsa. Ndikanamukalipira ndani? Kapitawo sananame, ananena zimene anamva, ndipo mkono wogwira mahandulo unalibe choti amve. Alongo anga anachita zimene mwana wodera nkhawa kholo lake amachita. Koma zotsatira zake zinali zakuti munthu amene ankayenda mtunda wonsewo padzuwa la Okutobala, akukankha chitsulo, khasu ndi madzi, tinkamudyetsa ngati wongokhala pakhonde.

Atate anadikira kuti ndimalize, kenaka anati, "Usawauze alongo ako."

M'mutu mwanga zinthu zinali zitasokonekera. Ndikakhala chete, galimoto ibwera chifukwa choti sayenda. Ndikanena, ibwera chifukwa choti akuyenda ndi mapazi osamva, m'njira ya njovu, munthu woti sangathawe. Kulikonse kumene ndinkayang'ana ndinkaona mpando uja wa pakhonde panga ndi chipewa pabondo.

Ndinawavula kawotchi kaja. Ndinakumbukira kuti alongo anga anati chimene kamafuna ndi kugwedezeka basi, ndiye ndinati tikamange pamwendo, pamwamba pa kakolo.

"Pamwendo? Ndine wovina ine? Ungondigulira ndi maseche omwe."

Tinagwirizana zoti akaike m'thumba la thalauzi, pamene ntchafu ikamasuntha nako kasuntha. Tinapita kudimba, anathirira repu ndi tomato wa amayi, ine ndikutunga m'chitsime cha mumchenga. Pobwerera ndinayenda kumanja kwa njinga, iwo kumanzere. Titafika kunyumba ndinayandikitsa foni. Kamzere ka tsiku limenelo kanatalika kuposa tonse tam'mbuyo, chikhalirecho kanangogwira theka la ulendo. Ndinawaonetsa. Anakayang'ana kanthawi, n'kunena kuti, "Kapitawo wadzuka."

"Tumiza zimenezo basi," anatero. "Usawonjezepo mawu."

Kunena zoona, ndinaganizapo. Manambala akanatha kutseka nkhani yonse. Koma manambala omwewo ndi amene anawachepetsera atate chakudya, ndipo sindinafune kuti atilankhulirenso. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe kumene netiweki imagwira, n'kuimba. Ndinawauza alongo anga zonse, mapazi m'fumbi, tcheni, thonje, buledi, ndodo. Ndinalankhula mokalipa ngati iwo ndi amene anadula tcheniyo. Pomaliza ndinati, "Atate ndi anunso, sindingakubisireni. Koma mukatumiza galimotoyo, mubwere nokha mudzawanyamule. Ine sindigwirako."

Ndinayang'ana foni kuti mwina yaduka. Kenaka ndinamva akupuma mwamphamvu, monga amachitira munthu wamwamuna akamabisa kulira.

"Njinga imeneyo ndinaphunzirira ine," anatero. "Ankandigwirira kumbuyo, akuthamanga." Kenaka anafunsa kuti, "Matayala ake ali bwanji?"

"Atha. Lakumbuyo analisoka ndi chingwe."

"Chabwino. Uwauze amayi aang'ono awabwezere chakudya chawo lero lomwe. Uwauzenso kuti ndapepesa."

Sikuti zonse zinakhala bwino pamenepo ayi. Ndinawatengera atate kukiliniki, akung'ung'udza njira yonse. Anesi anawayang'ana mapazi, n'kutiuza kuti ndi shuga yemweyo, kuti asamayende ndi nsapato zotsegula, komanso kuti madzulo aliwonse wina aziwaona ngati sanalasidwe ndi minga, popeza iwo sangamve. Ntchito imeneyi anaitenga amayi aang'ono. Tinakangananso ndi atate za njovu mpaka analola kuti azinyamuka dzuwa litakwera, pamodzi ndi azimayi a madimba oyandikana nawo. Anati azimayiwo amalongolola kwambiri, koma analola. Za mvula tinapangana kuti mankhwala tiziwatengera okwanira msewu usanaduke. Ine ndinkadziwa, alongo anga ankadziwa, ndipo ndikhulupirira kuti iwonso ankadziwa, kuti tangoisuntha galimoto ija, sitinaithamangitse. Koma chaka chimenecho sinabwere, ndipo chotsatira chakenso sinabwere.

Katundu anafika pa basi ku Mfuwe mitambo itayamba kale kusonkhana. Munali nsapato zotseka, matayala awiri, machubu, pampu, ndi tcheni yatsopano yokulungidwa m'pepala lamafuta. Nditaiona tcheniyo ndinaimba foni.

"Nanga iyi ndi yachiyani? Mukufuna akwerenso, agwe?"

"Sakwera," anatero alongo anga. "Koma njinga yopanda tcheni anthu amaiona."

Atate anatha tsiku lonse pansi pa mtengo wa mango akumanga njinga yawo. Anakana thandizo langa. Atamaliza anazunguza pedulo ndi dzanja, gudumu lakumbuyo n'kulira bwinobwino, ndipo anamvetsera kulirako mutu uli pambali. Sanathokoze aliyense. Anangoti, "Mnyamata uja amadziwa kusankha matayala."

M'mawa mwake ndinawaperekeza popita kukakwera galimoto yobwerera kuntchito. Kapitawo anali m'thumba, nsapato zatsopano kumapazi, azimayi a madimba ali patsogolo ndi zidebe zawo. Chinthu chimodzi chinkandivutabe mumtima. Matayala anali atsopano, opopedwa mpaka kulimba, ndipo njira ya kudimba imadutsa pakhomo pa amalume, eni mawu aja a miyendo. Munthu angakankhe bwanji njinga yotere osafunsidwa?

Amalume anali panja akusoka ukonde wa nsomba. Anakweza mutu. Anayang'ana matayala, anayang'ana tcheni ikunyezimira, kenaka anayang'ana phazi lija likukhukhuluza fumbi, ndipo sanadabwe ngakhale pang'ono. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti nawonso ndi munthu wa m'chigwa, nawonso amayenda maso ali pansi, ndipo fumbi la pakhomo pawo linawauza kalekale zimene ine ndinachita kukazipeza m'tchire.

"Mwauka bwanji, alamu?" anatero amalume.

"Tauka, kaya inu?"

"Tauka. Kodi yaphwanso?"

"Yaphwanso," anayankha atate.

"Njinga za masiku ano," anatero amalume, akubwerera ku ukonde wawo. "Pitani bwino, alamu. Pobwera mutitengereko tomato."